Christina Fombe Asaka Wodziwa Chirasha

Christina Fombe anabadwira ku Nsanje koma anakulira ku Limbe, m'nyumba za ogwira ntchito ku njanji, kumene bambo ake ankakonza mabogi a sitima. Pakhomo ankalankhula Chisena, kusukulu Chinyanja ndi Chingerezi, ndipo Chiyao ndi Chilomwe anangozitola kumsika. Anali mwana wosatopa ndi mafunso. Amayi ake akamutuma kukagula ulusi kwa amwenye, ankayembekeza mpaka mtima kuwawa, iye ataima pakhomo la sitolo, khutu tcheru, kumvetsera mwini sitolo akukangana ndi mkazi wake m'chinenero chawo. Akafika kunyumba ankabwereza mawu aja mmene anawamvera, n'kumafunsa aliyense tanthauzo lake, ngakhale ankadziwa kuti palibe amene angamuyankhe.

Atamaliza Fomu 4 anaphunzira kutaipa, ndipo mu 1995 analembedwa ntchito pa kafakitale koyenga mafuta ophikira ku Makata. Mwini wake anali a Maurice Thengo, munthu wa ku Chikwawa, wopupuluma pa chilichonse. Christina ankataipa makalata, kuyankha lamya ndi kulandira alendo. Madzulo ankakwera minibasi kupita ku Chilobwe, kumene ankachita lendi ndi mwamuna wake.

Mu 1997 a Thengo anagula makina awiri ogwiritsidwapo kale ntchito kwa wamalonda wina wa kunja. Oyamba anali ofinyira mpendadzuwa, aakulu ngati kanyumba ka nkhuku, opangidwa ku Rasha. Achiwiri anali osefera mafuta, ochokera ku Holandi. Makaniko wa pafakitalepo, a Bonface, anali atanena kale kuti chilichonse chokhala ndi mabawuti amachimva chinenero chake. Anawalumikiza masiku anayi, n'kuitana onse kuti adzaone. Atatabwanya batani, makina ofinyira aja anangoti mmmm, n'kunjenjemera, kenako zii. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Atayesa kachitatu panamveka fungo la waya wopsa, ndipo a Thengo anakuwa kuti azimitse.

M'bokosi la makina alionse munali buku la malangizo. La ku Holandi linali ndi zilembo zathu zomwezi, koma mawu ake aataliatali ngati sitima ya katundu. La ku Rasha ndiye linangowasiya onse kakasi. Zilembo zina zinkayang'ana kumbuyo, zina zinkaoneka ngati manambala, china ngati kangaude.

“Christina,” anatero a Thengo, akumuponyera mabukuwo patebulo, “iwe suja umakonda kufunsa? Lero mafunso ako agwire ntchito. Undipezere munthu wa Chidatchi ndi wa Chirasha. Makalata ataipa wina.”

Mumtima Christina anasangalala, ngakhale nkhope anaiika ya munthu wopatsidwa katundu wolemera.

Anayamba ndi lamya. Anaimbira kumakoleji, kumahotela, ndi kumaofesi ogulitsa matikiti a ndege. Odziwa Chifalansa analipo ambiri, a Chipwitikizi osayamba. Akatchula Chidatchi ankamuuza kuti akafunse kwa ansembe. Akatchula Chirasha ena ankaseka, ena ankatsitsa mawu. Bambo wina wachikulire pa ofesi ina m'tauni ya Blantyre anamuyang'ana pamwamba pa magalasi ake nati, “Mayi, muzithokoza matipate inu. Funso limenelo mukanafunsa zaka zisanu zapitazo, bwenzi mutagona nalo m'chitokosi.”

Woyamba kubwera pa za Chidatchi anali mkulu wina amene anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni. Anafika atavala jekete, nanena kuti Chidatchi ndi Chibunu ndi mwana ndi mayi wake. Anatsegula buku lija, n'kuyamba kufotokoza bwinobwino osakakamira ngakhale pamodzi. Christina anakayikira kusalala kumeneko. Anatembenuza masamba, n'kubwerera mwakachetechete pa tsamba lomwe lija, nawapempha kuti awerengenso. Ulendo uno tsambalo linanena zina. Anawathokoza, nawaperekeza pachipata.

Ansembe a ku Holandi amene ankadziwika m'tauni ambiri anali atabwerera kwawo, ndipo mmodzi wotsalayo ankadwala. Koma katekisiti wina anamuuza kuti apite ku Nancholi akafunse a Anastazia, amene anaphikira masisitere a ku Holandi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Anawapeza pakhonde akusenda nandolo, mayi wamfupi, magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi.

“Mwanawe, ine Chidatchi changa n'cha kukhitchini ndi cha m'pemphero,” anatero a Anastazia atamva nkhaniyo. “Kuwerenga ndinaphunzirira m'buku la zophikaphika la Sisitere. Koma bwera nalo tione.”

Anaika chala pa mzere woyamba n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, mawu akutuluka kukhosi ngati munthu wotsamwa. Asanamalize tsamba anayamba kuseka.

“Iwe, komatu uku n'kuphika! Akuti mafuta ayambe afunda asanalowe m'sefa. Akuti nsalu ya sefayo uzichapa ndi madzi otentha, osaikolopa ndi chitsulo. Nanga si zomwe ankandilalatira Sisitere izi?”

Anapitirira mpaka chala chinaima pa liwu lina lalitali.

“Ili sindilidziwa. Lemba kuti Anastazia sakulidziwa.”

“Simungaganizire, mayi?”

“Kuganizira n'kumene kumapsereza keke. Lemba kuti sindilidziwa.”

Christina analemba. Mawu oterowo anakwana makumi atatu ndi anayi, ndipo ambiri mwa iwo a Bonface anawazindikira poyang'ana zithunzi za m'bukumo. Patatha sabata ziwiri makina osefera anali okonzeka. Koma sefa ingasefe chiyani mafuta asanafinyidwe? Chimakina cha ku Rasha chinali chikhalire duu pakati pa fakitale, ogwira ntchito atayamba kupachikapo majekete awo.

Apa m'pamene Christina anaganiza njira yake. Anaona kuti ngati wodziwa Chirasha alipo mu Blantyre, sangayankhe chikwangwani kapena chilengezo cha pawailesi, poti mantha a nthawi ya chipani chimodzi anali asanachoke m'mafupa a anthu. Koma munthu wodziwa kuwerenga, maso ake sapempha chilolezo. Choncho anachita fotokope tsamba limodzi la bukulo, naliika m'pepala la pulasitiki, n'kumayenda nalo poyera. Mu minibasi ankaliika pamiyendo. Pamzere wa kupositi ofesi ankalinyamula pachifuwa. Iye sankayang'ana pepalalo, ankayang'ana nkhope za anthu.

Anamva zambiri m'masabata atatu amenewo. Mayi wina anasuntha pampando, nati zilembo zotere n'za satana. Wophunzira wina wa ku koleji analimbikira kuti n'Chigiriki. Kondakitala wina anati n'Chiarabu, koma mnzake wa Christina, Amisa, amene anaphunzira kumadarasa ali mwana, anaseka mpaka misozi. Kuntchito a Thengo anali atasiya kumupatsa moni, ankangoti, “Mrasha wanga ali kuti?”

Lachinayi lina madzulo, mu minibasi yochoka ku Blantyre kupita ku Chilobwe, pambali pake panakhala bambo wa zaka za m'ma 40, wa imvi zoyambirira, atakumbatira zidutswa za malata zomangidwa ndi luzi. Zala zake zinali ndi zipsera zambiri. Christina anaika pepala lake pamiyendo monga mwa masiku onse. Bamboyo analiyang'ana kamodzi, n'kuchotsa maso msanga, nayang'ana kunja. Patapita kanthawi maso aja anabwerera. Ndipo Christina anaona chimene anakhala akuchiyembekeza: milomo ya bamboyo inkayenda. Maso ankachoka kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere, mpaka pansi pa tsamba. Atafika pamenepo anapendeketsa khosi, ngati munthu woyembekeza kuti wina atembenuze.

“Bambo, mwawerenga?” anafunsa Christina motsitsa mawu.

Bamboyo anadzidzimuka. “Ine? Ayi, mayi. Ine sukulu sindinapite.”

Anagogoda denga la minibasi n'kutsika pamalo pomwepo, ngakhale panali pasanafike pa siteji. Christina anafunsa kondakitala ngati amawadziwa.

“Amenewo? Ndi a January, okhoma ndowa kuseri kwa msika. Komatu atsikira kutali lero.”

Loweruka Christina anapita kuseri kwa msika wa Chilobwe. Anawapeza a January pansi pa kachisakasa, atazunguliridwa ndi ndowa, mbaula ndi zothirira mbewu. Atamuona anapitiriza kukhoma. Iye sanatchule za pepala. Anawapempha kuti amupangire mbaula, nakambirana kukula kwake, ndipo pochoka anasiya pepala lija pa benchi ngati waiwala.

Atabwerako Lachitatu mbaula inali itatha. Pepala linali pomwe analisiya, koma litapsinjidwa ndi mwala kuti lisauluke. A January anamupatsa mbaula, napukuta manja pa ovolosi.

“Mayi, wakutumani ndani?”

“Abwana anga. Tili ndi makina ku Makata amene akukana kuyenda.”

“Si a boma?”

Christina anamva kuti katchulidwe kawo n'ka Chisena, ndipo anasiya Chinyanja n'kuwayankha m'Chisena. Anawauza dzina la bambo ake, mudzi wawo ku Nsanje, ndi mpingo umene amapemphera. Nkhope ya a January inamasuka pang'ono. Anachotsa mwala uja, natenga pepala, nalitambasula patali ndi maso.

“Tsamba limeneli ndi la pakati,” anatero. “Likunena za kuthira girisi. Ngati makinawo sanayendepo, vuto lili kumayambiriro kwa buku. Mwandiyenderetsa tsamba lolakwika tauni yonse.”

Tsiku limenelo ndowa sizinakhomedwenso. A January anamufotokozera kuti anabadwira kufupi ndi Mutarara, ku Mozambiki. Mu 1977, ali mnyamata, anasankhidwa pamodzi ndi anzake kupita ku Rasha kukaphunzira za mathirakitala ndi makina a kumunda. Anakhalako zaka zinayi. Chaka choyamba chonse chinali cha chinenero chokha, m'kalasi lozizira kwambiri moti ankalemba atavala magolovesi. Atabwerera anagwira ntchito pa munda waukulu wa boma mpaka nkhondo inafika, mathirakitala onse n'kutenthedwa tsiku limodzi. Mu 1986 anathawa wapansi kulowa ku Nsanje, kenako anatsata amalume awo ku Blantyre.

“Tsiku limene ndinafika, amalume anaona satifiketi yanga. Anatseka chitseko. Anati, ‘Mphwanga, kuno liwu loti Rasha silitchulidwa. Ukalitchula usowa, ndipo ife tisowa nawe limodzi.’ Ndinaitentha ndekha pa mbaula. Ndiye ndinaona kuti munthu wokhoma ndowa palibe amamufunsa kumene anaphunzira.”

“Komatu zinthu zinasintha, bambo. Tinavota.”

“Munavota inu. Ine ndine wobwera. Ngakhale mayi a kunyumba sadziwa.”

Christina sanawakakamize. Anangowafunsa mmene Arasha amanenera kuti zikomo, ndi dzina la chilembo chooneka ngati kangaude chija. Anamuuza, iye n'kubwereza molakwika, iwo n'kumukonza, mpaka anayamba kuseka. Christina akuchoka, a January anati, “Bwerani nalo buku lonselo ndilione. Kulionatu basi.”

Christina anawapititsira bukulo mawa lake. Loweruka lotsatira a January anafika okha ku Makata, atavala malaya oyera, buku lili kukhwapa. A Bonface anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato za matayala, n'kunong'oneza Christina kuti, “Mrasha wakeyo ndi ameneyu?”

A January anazungulira makina aja kawiri, akuwasisita ngati ng'ombe. Kenako anatsegula tsamba lachiwiri n'kuwerenga mokweza. Mawu awo anasintha, anakhala okhuthala, ochokera pansi pa chifuwa. Amene ankasesa anaimika matsache. Atamaliza ndime anatsokomola, nati m'fakitalemo muli fumbi.

“Akuti chiyani?” anafunsa a Thengo.

“Akuti pali mabawuti anayi opakidwa utoto wofiira. Amenewo anaikidwa kuti agwire chitsulo chozungulira cha m'kati, chisamagwedezeke paulendo wa panyanja. Akuti musanayatse, achotseni.”

Onse anatembenukira kwa a Bonface.

“Ofiirawo ndinawamangitsa kwambiri,” anatero. “Ndinkaona ngati ndi ofunika kuposa onse.”

Anatenga sipanala okha n'kuwamasula limodzilimodzi. A January anawerenganso za mbali imene injini iyenera kuzungulira, ndipo mawaya awiri anasinthanitsidwa. Batani litatabwanyidwa, chimakina chija chinabuula, n'kuyamba kuyenda, gudugudu, gudugudu. Anathira mpendadzuwa pamwamba. Panapita mphindi zingapo popanda kanthu, kenako mafuta anayamba kudontha, n'kusanduka kamtsinje kachikasu kolowa m'ndowa. Amayi osankha mbewu anaimba nthungululu. A Bonface anavula kapu yawo, napita kukagwira a January chanza ndi manja awiri.

Kumasulira buku lonse kunatenga miyezi iwiri. A January ankawerenga n'kufotokoza m'Chinyanja, ndipo pamene Chinyanja chawathera ankadutsira m'Chipwitikizi kapena kujambula pansi ndi choko. A Bonface ankapereka dzina limene amakaniko amatchulira chitsulocho, Christina n'kumataipa. Nthawi zina ankakangana theka la tsiku pa liwu limodzi. Pamenepo m'pamene Christina anazindikira kuti kudziwa chinenero ndi kwina, kumasulira ndi kwinanso, ndipo kuti ntchito yachiwiriyi ndi imene inamukoka mtima.

A Thengo anafuna kuwalemba a January ntchito ya masiku onse, koma iwo anavomera masiku atatu okha pa sabata, ati makasitomala a ndowa sangawasiye m'madzi. Chimene chinawavuta kwambiri chinali kuuza akazi awo, a Felicia. Anapempha Christina kuti akakhalepo, ngati mboni. Atamaliza kufotokoza zonse, a Felicia anaomba m'manja kamodzi.

“Ndiye chinali Chirasha? Zaka khumi bambo awa akubwebweta kutulo, ine n'kumauza amayi a kumpingo kuti amuna anga analandira mphatso ya malilime! Ena mpaka ankandichitira nsanje.”

Mbiri inafala m'mafakitale a ku Makata, kenako m'tauni monse, kuti kuli mayi wina amene amapeza anthu a zinenero zosowa. Lamya ya pafakitale inayamba kulira za anthu ofuna Christina kuposa za ofuna mafuta. Mu 2001 anatsanzikana bwino ndi a Thengo, natsegula kachipinda kake ku Limbe, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Munali tebulo, mipando itatu ndi kompyuta yakale. Ankayenda m'mipingo, m'mizikiti, m'magalaja ndi m'madepoti a malole, kufunsa amene anakhalapo kunja ndi chimene anabwera nacho pakamwa. Aliyense wonena kuti amadziwa chinenero ankamuwerengetsa tsamba limodzi kawiri, pa masiku osiyana. Wonena kuti “apa sindikudziwa” ankamukhulupirira msanga kuposa wosakakamira.

A Anastazia anamugwirira ntchito zaka zitatu, makamaka kumasulira makalata a mabanja ndi a mipingo, mpaka maso anafooka. Anamwalira mu 2004, ndipo malo awo anatenga namwino wina amene anakwatiwa ku Holandi n'kubwerera. A Chirasha anachuluka pang'ono pambuyo pake, achinyamata amene anakaphunzira udokotala kumeneko atayamba kubwerako.

Koma chaka chomwe anatsegula ofesi chija, Chirasha chonse cha mu Blantyre chimene iye ankachidziwa chinali cha a January okha. Tsiku lina masana chipatala china chinaimba. Anali atalandira mzungu wa ku Rasha wokonza ndege zonyamula katundu, amene anadwala mwadzidzidzi ndege yawo itatera, ndipo Chingerezi chake chinali cha mayina a zitsulo basi. Anzake anali atapitirira ulendo. Christina anathamangira ku Chilobwe, nawapeza a January akukhoma chothirira mbewu.

Mu minibasi a January anayamba kudandaula.

“Mayi Fombe, zaka makumi awiri sindinalankhule ndi Mrasha. Buku siliyankha. Nanga akandiyankha ine osamva?”

“Mukanena kuti simunamve, abwereze.”

Wodwalayo anali chigonere, thukuta lili kamukamu, atagwira pamimba. A January anaima kumiyendo kwa bedi n'kupereka moni. Mzungu uja anatsegula maso, nayang'ana uku ndi uku kufuna mwini mawuwo, ndipo atazindikira kuti ndi bambo wakuda wa zipsera m'zalayu, anayamba kulankhula mothamanga ngati mpopi wophulika. A January anakweza dzanja kuti achepetse liwiro. Kenako anatembenukira kwa dokotala n'kuyamba kupereka chimodzichimodzi: ululu unayamba liti, unayambira pati, unasunthira mbali iti, ndi mankhwala amene thupi lake limadana nawo. Dokotala atamva za mankhwalawo anafufuta zimene anali atalemba kale. Madzulo omwewo anamuchita opaleshoni.

Patatha masiku atatu anapitanso kukamuzonda. Ntchito inali itatha, koma awiriwo anacheza maola awiri, Christina atakhala pa benchi panja. A January anatuluka akupukusa mutu.

“Akuti ndimalankhula ngati nyuzipepala yakale. Ndamutchula ndi liwu la ulemu limene tinkatchulirana nthawi ija, iye waseka mpaka ulusi wa pabala kumupweteka. Akuti masiku ano palibe amatero. Mzinda umene ndinaphunzirako anausintha dzina. Msewu wa sukulu yathu nawo anausintha.”

“Mwakhumudwa?”

“Ayi. Ndamufunsa ngati m'nyengo yozizira anthu amaboolabe madzi oundana a pamtsinje n'kumawedza nsomba pabowo. Akuti amatero ndithu, iyenso amapita ndi mlamu wake. Ine ndinkauza anthu a kwathu ku Mutarara zimenezo, ankati ndine wabodza.”

Mzungu uja anachira n'kubwerera kwawo. Patatha miyezi isanu ku ofesi ya Christina kunafika phukusi la a January. Munali dikishonale yaikulu ya Chirasha ndi Chingerezi, magolovesi a ubweya, ndi chithunzi cha amuna awiri atakhala pa tizitulo pakati pa mtsinje woundana, woyera mbee, mmodzi atanyamula nsomba. Dikishonale anaisiya ku ofesi kuti ena azigwiritsa ntchito. Chithunzi anachikhomera pa mtengo wa chisakasa chawo ku Chilobwe, ndipo aliyense wobwera kudzagula ndowa akafunsa kuti kumeneko n'kuti, a January ankaika nyundo pansi n'kumuuza kuti akhale pa benchi.